Nkhuku Yopanda Nthutumba

Ndinakhala pa banja ku Mzimba zaka khumi ndi chimodzi ndisanayankhulepo ndi apongozi anga aamuna maso ndi maso. Sikuti tinayambana, ayi. Ndi mwambo wa kumeneko. Mkamwana sayimirira pamene apongozi ake akhala pansi, sadya iwo akuona, sawakhudza, ndipo akakhala ndi mawu amawadutsitsa mwa munthu wina. Ine ndine wa ku Dedza, ntchito yanga ndi ya unamwino, ndipo pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Boma linanditumiza ndili mtsikana ku chipatala chaching'ono cha kum'mwera kwa Mzimba, kufupi ndi malire a Kasungu. Ndinapezako mphunzitsi wina wofatsa, anakapereka ng'ombe kwathu, basi ndinasanduka wa kumeneko. Amayi anga nditawadandaulira za kugwadagwada ndi kuyang'ana kumbali, anangoti walira mvula walira matope.

Mwambowu uli ndi pothera pake. Apongozi akakhutira nawe amakuitana pamaso pa anthu n'kukupatsa nkhuku, ndipo kuyambira tsiku limenelo umadya nawo, umacheza nawo ngati bambo ako okubala. Mkazi wa mlamu wanga wamng'ono, mwana wa mudzi woyandikana nawo, analandira nkhuku yake chaka chachiwiri. Ine ndinabereka ana atatu, Chitumbuka ndinachiphunzira mpaka kumakalipira nacho odwala, koma nkhuku osaiona. Anthu akandifunsa ndinkati ine za nkhuku ndilibe nazo ntchito, ndimagula yanga pa msika. Linali bodza. Zinkandiwawa koopsa.

Diso la kumanzere la apongoziwo linafa kalekale, kachidutswa ka thabwa katawalasa nthawi imene ankacheka matabwa ku Chikangawa. La kumanja linayamba kuchita ng'ala pang'onopang'ono, mpaka anafika pomazindikira anthu ndi mawu okha. Ndine amene ndinathamangathamanga ndi mapepala kuti akachitidwe opaleshoni ku Lilongwe. Tsiku limene madokotala anatipatsa linagwera sabata yomwe ine ndinaitanidwa ku msonkhano wa anamwino mumzinda womwewo. Amuna anga ankayang'anira mayeso, sakanachoka. Apongozi aakazi mwendo unali utatupa. Tinagwirizana kuti ndiwaperekeze ine, ndikawasiye kwa mlamu wina amene amakhala ku Lilongweko kuti aziwasamala, ine ndizikagona ku hotela kumene kunali msonkhanowo.

Ndisabise, hotela imeneyo ndinkayilota ndi masana omwe. Anzanga amene anagonako ankati madzi otentha sathako, bedi lake mungagonepo banja lonse. Masiku asanu opanda kutunga madzi, opanda mwana wondikoka chitenje, opanda munthu wogogoda pa windo kuti mayi wina matenda amuyamba. Ndinasoketsa ndi diresi latsopano lomwe.

Tinakwera basi pa Jenda Lolemba m'mawa. Iwo anakhala mpando wa kutsogolo, ine kumbuyo kwawo. Titafika pa Kasungu anakodola kondakitala.

"Awuzeni mayi a ana kumbuyoku kuti ndikufuna madzi."

Kondakitala anandiyang'ana. Botolo linali kale m'manja mwanga, ndipo ndikanatambasula mkono ndikanawakhudza phewa. "Mayi, mwamva?"

"Awuzeni kuti ndamva," ndinatero, n'kumupatsa botololo kuti awapatse. Kondakitalayo anapukusa mutu ulendo wonse.

Titatsika mu depoti ndinaimbira foni mlamu uja. Anayankha ali m'galimoto, akulowera ku Mangochi. Kuchikazi kwake kunagwa maliro m'mawa womwewo, nyumba anatseka, banja lonse linali pa msewu. Anapepesa kwambiri, koma kupepesa sikugoneka munthu. Ndinaima pamenepo ndi zikwama ziwiri ndi nkhalamba yosaona, dzuwa lili paliwombo, opaleshoni ili mawa lake. Kunalibe kwina kopita nawo.

Hotelayo ili pakati penipeni pa tauni, ndipo amati inamangidwa kalekale nthawi ya atsamunda. Kunja kwake ndi phokoso lokhalokha, maminibasi, oitanira, ogulitsa nthochi. Ukangolowa pa geti, zii. Mitengo ikuluikulu, makoma ochindikala ngati a tchalitchi cha pa mishoni, khonde lalitali la mizati yoyera, zithunzi zakale za ngolo ndi azungu a zipewa zazikulu. Apongozi zonsezi sanazione. Koma titalowa m'kati anaima, n'kugogoda pansi ndi ndodo yawo, kenako anawerama n'kusisita matabwa a pansiwo ndi chikhatho.

"Uyu ndi mlombwa," anauza mlonda wa pakhomo amene anawagwira mkono. "Amene anapala apa ankaidziwa ntchito chomene."

Mayi wa polandirira alendo nditamufotokozera sanavute. Mnzanga wina wa ku Ntcheu, amene tinaphunzira limodzi unamwino, anavomera kuti ndizigona m'chipinda chake, changa ndisiyire apongozi. Ndinati zatheka. Koma titafika pakhomo pa chipindacho anaima nji. Panali mtsikana wina wamkulu ndithu, wokonza m'zipinda, atanyamula matawulo. Anamufunsa iyeyo.

"Chipinda ichi chalembedwa dzina la ndani?"

"La mayiwa, agogo."

"Mbwenu n'chipinda cha mkamwana. Ine sindingalowe."

Ndinapuma kawiri kuti ndisalakwitse. "Awuzeni kuti sindinalowemo, ngakhale chikwama changa sichinalowemo. Awuzeni kuti bedi limenelo agonapo anthu osawerengeka, ndipo m'Malawi muno amene sanagonepo ndine ndekha."

Mtsikanayo anabwereza mawu anga onse, akulimbana ndi kuseka. Apongozi anavula nsapato n'kulowa. M'mawa mwake mtsikana uja anandinong'oneza kuti bedi analipeza monga analiyalira. Apongozi anagona pa kapeti, atafunda bulangete lawo la kumudzi, jekete atatsamira. Ndinapsa mtima. Bedi limene ndinalilota mwezi wathunthu linagona lokha, ine ndikupanikizana ndi munthu woliza mkonono ngati chigayo.

Pali chinthu chimodzi chimene apongozi anachikonda pa hotela ija, ndipo si madzi otentha. Chakudya ankawapititsira kuchipinda bambo wina wachikulire woperekera zakudya, wa imvi, amene anapezeka kuti kwawo ndi ku Mzimba komweko. Bamboyo ankagogoda, kuika mbale, kubwerera cham'mbuyo, osakhala pansi, osadya pamaso pa mlendo. Ndinawamva apongozi akumuuza kuti anthu a pano analeredwa bwino. Ine ndili pakhonde ndinaseka chamumtima. Ndinaona kuti nyumba yonse ija, ndi nsalu zake zoyera ndi mipeni yake yonyezimira, imayenda ndi malamulo omwe aja a mkamwana: amene akutumikira aziyenda mwakachetechete, azidziwa poima, asamaoneke kwambiri. Kusiyana kwake n'koti iwo madzulo amaweruka n'kupita kwawo.

Lachiwiri anawachita opaleshoni. Ndinkathamanga pakati pa chipatala ndi msonkhano, konse ndikufika mochedwa. Mapanga awiri avumbwitsa, ndinaziona ndekha. Lachitatu m'mawa anawamasula bandeji. Ine ndinaima kuseri kwa chitseko, koma ndinkamva zonse. Dokotala anawafunsa zala zimene anaimika, iwo anayankha molondola, kenako anayamba kuseka okha. Akuti manja awo akalamba iwo osadziwa. Dokotala anandiitana n'kundipatsa kabotolo ka mankhwala odontheza m'diso. Kanayi pa tsiku, kwa masabata angapo, ndi manja osamba bwino, ndipo kamwa la botolo lisakhudze diso.

"Inu ndinu namwino, sindikuphunzitsani," anatero. "Koma diso ndi limodzi ili. Likalowa matenda palibenso lina."

Tsiku limenelo anawadontheza mnzanga wa ku Ntcheu uja. Iye ndi mlendo, mwambo sumukhudza. Ankalowa m'chipinda, kuwagwira chibwano, kuwaseka kuti akuphethira ngati mwana, iwo n'kumati yewo, yewo chomene. Ine ndinkadikira pakhonde ndikuwerenga mizati.

Lachinayi gulu la mnzangayo linanyamuka m'mamawa kukayendera zipatala za kunja kwa mzinda, kubwera kwake madzulo. Apongozi anatumiza mawu mwa mtsikana wa matawulo uja kuti ndisavutike, adzidontheza okha. Ndinapita kukaima pakhomo kuti ndione. Manja awo ankanjenjemera. Dontho loyamba linagwera pa tsaya. Lachiwiri pa mphuno. Kachitatu anakanikiza kamwa la botolo pa nsidze penipeni, ndipo atamva kuyabwa anapisa m'thumba n'kutulutsa kansalu kamene ankapukutira thukuta ulendo wonse wa pa basi, n'kupita nako kumaso. Ndinapempha mtsikanayo kuti awathandize. Anabwerera m'mbuyo, akuti ine za maso ayi mayi, ndingawaboole.

Pamenepo ndinaganiza za mawa lake. Tikubwerera kumudzi. Apongozi aakazi nawo maso ndi olobodoka, ulusi pa singano amawalowetsera adzukulu. Amuna anga akaona diso lofiira amayang'ana kudenga. Namwino dera lonse lija ndi ine ndi mnzanga mmodzi amene amakhala kutali. Masabata onsewo adzawadontheza ndani? Ndinaona diso lija, limene ndinalithamangira miyezi, likufa ndi kansalu ka m'thumba ine nditaima pakhomo mwaulemu.

Ndinalowa. Sindinagwade.

"Adada, siyani kansaluko."

Anauma, dzanja lili m'mwamba.

"Zaka khumi ndi chimodzi ndagwada, ndayang'ana kumbali, ndayankhula ndi makoma. Sindinadandaule pamaso panu. Koma lero mundimva. Theka la ana a m'mudzi mwanu anabadwira m'manja awa. Alongo anu atamwalira ndinawasambitsa ndine. Ndiye nkhope yanu yokha ndi imene manja angawa angaidetse? Mukachita khungu, mwambowo udzakugwirani mkono kupita nanu kuchimbudzi? Ngati mukufuna kubwerera mu mdima nenani, ndisamataye nthawi yanga, anzanga akuphunzira uko."

Ndinanena zambiri kuposa pamenepa, zina sindingazilembe. Mtsikana uja anali atakumbatira matawulo ake pakona, maso ali pansi. Apongozi anabweza kansalu m'thumba, kabotolo anakafumbata, n'kutembenukira kwa mtsikanayo.

"Awuzeni mayi a ana kuti ndamva."

Ndinatuluka. Ndinaimbira amuna anga, ndinawapeza ali pa kupuma. Ndinawafotokozera zonse, za kansalu, za diso kufiira. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye munayankhula nawo mutayimirira?"

Za diso sanafunse. Ndinadula foni. Pa nthawi ya tiyi ndinapita kwa mayi wina wamkulu wa ku likulu amene amaona za kusamutsa anamwino, ndinamuuza kuti ndatopa, ndikufuna kubwerera kwathu ku Dedza ndi ana anga. Anati malo alipo, ndilembe kalata ndimupatse mawa tisanabalalike. Nditabwerera mu msonkhano sindinamve chilichonse chimene ankaphunzitsa. Ndinatembenuza kope langa n'kuyamba kulemba kalatayo kumapeto kwake, ndi maina a ana anga atatu ndi makalasi awo, kuti awapezere malo ku sukulu. Sikunali kuopseza munthu. Ndinatsimikiza.

Itakwana nthawi ya nkhomaliro, bambo wa imvi woperekera zakudya uja anandipeza pakhomo pa holo. Anandiyankhula m'Chitumbuka, motsitsa mawu, kuti adada akundiitana ku chipinda chodyera. Ndinadabwa, chifukwa masiku onsewo sanapondeko. Ndinati basi, akukandibweza kwathu pamaso pa anthu, ndipo ndinakonzeka kuwauza kuti asavutike, ndanyamuka kale.

Chipinda chodyeracho n'chachikulu, cha mawindo aatali, matebulo onse ovekedwa nsalu zoyera. Munali mabwana a masuti, azungu angapo, ndi anzanga a msonkhano. Apongozi anakhala pa tebulo la pakati, msana uli chilili, jekete atamanga mabatani onse, kumaso magalasi akuda amene anawapatsa kuchipatala. Patsogolo pawo panali mbale yaikulu, m'menemo nkhuku yathunthu yootcha.

Bambo uja anadzandiuza pambuyo pake kuti apongozi anayamba aitanitsa yamoyo. Kukhitchini anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iye ndiye anakawafotokozera ophikawo kuti si zoseketsa, ndipo anavomera kuotcha yathunthu osaidula.

Ine nditaiona nkhukuyo mawondo anapinda okha. Ndinagwada pa matabwa a mlombwa aja, ndi diresi langa latsopano, mafoloko a anthu ataima m'malere. Apongozi anayamba ndi bambo uja.

"Abale anga ali kutali. Inu ndinu wa kwathu, mukhale mboni." Kenako anatembenuza nkhope kwa ine, osati kwa khoma, osati kwa munthu wina. "Mama, khalani pa mpando."

Ndinakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpandowo. Bambo uja anabwera ndi beseni ndi jagi, zimene sindinazione pa tebulo lina lililonse, n'kutisambitsa m'manja. Apongozi anakankhira mpeni ndi foloko pambali, anaing'amba nkhukuyo ndi manja n'kuyamba kufufuza m'kati mwake. Anafufuza, anafufuza.

"Nthutumba ili kuti?"

"Za kuno zimabwera choncho, adada, zochotsachotsa kale."

"Nkhuku yanji yopanda nthutumba," anang'ung'udza. "Ndimafuna ndimupatse iyeyu."

Kwathu konse, ku Dedza ndi ku Mzimba komwe, nthutumba amadya ndi mwini khomo. Ine chikwatiwire ndinali ndisanailawe. Anathyola ntchafu n'kuiika m'mbale yanga ndi dzanja lawo. Ndinaluma, ndinatafuna, koma musandifunse kukoma kwake. Misozi inkagwera m'mbale ndipo sindinaipukute. Iwo anadya bwinobwino, mpaka anapempha mchere.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake zinachitikira ku hotela osati kumudzi. Ndikuganiza kuti kumudzi nthawi zonse pamakhala wotuma. Pali mdzukulu, pali apongozi aakazi, pali wodutsa ndi njira, ndipo anthu awiri akhoza kukalamba mpaka kufa akupatsirana mawu mwa ena, aliyense n'kumati zili bwino. M'nyumba ya eni ija otuma anatithera. Tinatsala awiri ndi kabotolo.

Titamaliza kudya anapisa m'thumba, anatulutsa kabotolo kaja n'kukaika pa nsalu yoyera, pafupi ndi dzanja langa. Tinatuluka kupita pakhonde pamene panali kuwala. Anakhala pa mpando wa nsungwi. Ndinakasambanso m'manja ndi sopo, ndinaika chikwama changa pansi pafupi ndi mapazi anga, n'kuwavula magalasi aja. Diso linali lofiira pang'ono koma loyera m'kati, ndinaona kuti sitinachedwe. Ndinawagwira pachipumi. Khungu lawo linali lofewa kuposa mmene ndinkaganizira.

Sanayang'ane kumwamba msanga. Anandiyang'ana ine, nthawi yaitali, monga munthu amayang'anira munda umene anangoumva ndi mbiri.

"Ine ndinkakudziwani ndi mapazi," anatero. "Mumayenda ngati mukukamenya munthu."

Ndinaseka, mamina ndi misozi pamodzi.

"Nkhuku iyi inachedwa, mama. Mlandu ndi wanga. Mutangobwera anthu anandiuza kuti kwanu ana ndi a mkazi. Ndinati uyu tsiku lina adzatopa nafe, adzanyamula adzukulu anga n'kupita nawo kwawo. Ndikamuzolowera ndidzalira kawiri. Ndiye ndinati bola akhale patali. Chaka chinapita, china chinapita, inu muli pompo. Kenako ndinayamba kuchita manyazi kuti ndiyambira pati. Ndinakuganizirani zoipa popanda chifukwa. Mundikhululukire."

Kope lija linali m'chikwama, chikwamacho chitatsamira mwendo wanga. Ndinkalimva ngati likutentha. Pakamwa panga, pamene sipachedwa kutseguka, panakana.

"Yang'anani kumwamba, adada," ndinatero.

Dontho linagwera pakati penipeni.

Diso linapola bwino, ndipo anaona nalo mpaka tsiku lawo lomaliza. Kalata ija sindinaimalize, ndipo mayi wa ku likulu uja ndinamuzemba mpaka tinabalalika. Kumudzi apongozi anaitanitsa abale onse n'kufotokoza okha zimene zinachitika, ndipo kwa zaka zimene anakhala ndi moyo ankakonda kuibwereza nkhaniyi kwa alendo, ine nditakhala pambali pawo. Nthawi zonse ankamaliza ndi mawu omwewo, kuti mwana uyu ndinamunamizira mumtima zaka khumi ndi chimodzi, iye maganizo ochoka analibe n'komwe. Ine ndinkayang'ana pansi, anthu n'kumati taonani ulemu wa mkamwana. Anamwalira akukhulupirira zimenezo, ndipo sindinalimbe mtima kuwauza kuti m'mawa wa Lachinayi lija mantha awo anali oona.